Chimanga cha Kwathu M'munda wa a Kanti

Anthu a kwathu ku Ntcheu ndikawauza kuti njala ndinaionera ku Leicester amaseka. Amati njala ya ku Mangalande ndi yotani, poti mashopu ake satha katundu. Ndimangowasiya. Chaka chimene boma linandikanira mapepala okhalira m'dzikomo ndinaonda mpaka siketi kumaimangirira ndi chingwe, ndipo chaka chomwecho ndinalima munda wa munthu wina n'kuchitamo zinthu zimene mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Febuluwale

Kalata yondikana inafika kumayambiriro kwa mwezi. Pasanapite nthawi khadi la boma logulira chakudya linasiya kugwira, ndipo m'chipinda chomwe ndinkakhala anati ndisamuke. Ntchito sindinkaloledwa kugwira. Amene anandinyamula ndi achemwali a Chrissy, mayi wa kumpingo kwathu, osati m'bale wanga wamagazi. Ankakhala ku Braunstone ndi ana awo awiri, ntchito yawo inali yosamalira okalamba, ndipo malipiro awo ankathera lendi ndi gasi. Anandiyalira pasofa.

Lachinayi lililonse ndinkapita kumene amagawa chakudya kwa ovutika, n'kubwerako ndi jumbo limodzi: pasita, nyemba zotsekemera za m'chitini, supu, tiyi, mwa apo ndi apo mpunga. Sindikunyoza ayi, zinatisunga. Koma ufa m'shopu ya zakudya za kwathu pa Narborough Road unali utakwera kawiri chichokereni Khirisimasi, moti a Chrissy ankagula kapaketi kamodzi pamwezi. Ine ndinaphunzira kunena msanga kuti ndakhuta.

Tsiku lina pamsika wa m'tauni ndinagwira therere, n'kuona mtengo wake, n'kulibwezera pomwepo. Ndinadziyankhulira ndekha kuti, "Koma abale, therere lenilenili?"

"Ladula eti, mayi? Ku Limbe limeneli timangolandira la basela."

Nditacheuka ndinaona mmwenye wokalamba, wamfupi, chipewa cha ubweya chitatseka makutu. Anali a Kanti. Anabadwira ku Limbe, kuseri kwa sitolo ya bambo awo, n'kubwera ku Leicester ali mnyamata. Chichewa chawo chinali cha m'sitolo, cha "iwe" kwa aliyense, ndipo ine ndinawalekerera chifukwa cha imvi. Atamva kuti ndine mlimi wopanda munda anandiuza kuti iwo ndi mwini munda wopanda mawondo. Anali ndi kamunda kobwereka, kamodzi mwa timinda tambiri ta mumpanda wa waya kupitirira Belgrave, ndipo chimwalirire akazi awo kanali kakugonera.

"Ulime iwe, tidzagawana," anatero. "Ine ndili ndi kachigayo kamagetsi kunyumba. Mawondo okha ndiwo ndilibe."

Mawu akuti kachigayo ndinawasunga mumtima.

Malichi

Tinangogwirira limodzi masabata atatu. Kenako kunabwera uthenga woti mlongo wawo wamkulu wadwala kumudzi kwa makolo awo ku India, ndipo wowayang'anira panalibe.

"Mudzi wonse palibe munthu?" ndinafunsa.

Tinali m'kashedi ka zipangizo, mvula ikuwaza. A Kanti anayamba kuwerenga ndi zala nyumba zimene zimatsekulidwabe m'mawa, ndipo sanafike makumi awiri. Zina zonse zinali ndi maloko. Anati achinyamata anapita m'mizinda, ena ku Canada, ambiri konkuno. Sukulu inatsekedwa chifukwa chosowa ana.

"Ukafuna kuona anthu a m'mudzi mwathu, pita pa Belgrave Road nthawi ya chikondwerero chathu cha Diwali. Kumudziko kwatsala nkhalamba ndi njati za mkaka."

Ulendo wake anaufotokoza ngati akundiopseza. Ndege, kenako sitima, kenako basi yaikulu mpaka paboma. Kuchoka apo pali kabasi kamodzi patsiku, kamene kamaoloka mtsinje pakamlatho kapansi ka simenti. Ukakaphonya, mawa. Mvula yawo ikayamba mu Juni madzi amadutsa pamwamba pa kamlathoko, basi n'kuleka kubwera.

"Koma ine Epulo ndili pano," anatero.

Anandipatsa kiyi wa pageti n'kundilangiza. Mundawo ndi wa dzina lawo, ndipo komiti ya pamalopo simalola kubwereketsa. Wina akafunsa ndinene kuti ndikungowathandiza. Kenako anatsitsa kachitini pashelefu.

"Chimanga ubzale ichi, mu Meyi, chisanu chikatha."

"Chabwino, bambo," ndinayankha.

Epulo ndi Meyi

Kuchoka ku Braunstone kukafika kumundako wapansi ndi ola limodzi ndi theka, kudutsa pakati pa tauni. Ya basi ndinalibe, choncho ndinkayenda. Ndinatipula munda wonse n'kuunga mizere yakwathu, yaikulu bwino, anzanga a timinda toyandikana akusuzumira pamwamba pa mipanda yawo. Mzungu wina anandifunsa ngati ndikukwirira mapaipi.

Tsiku lomwe ndinatsekula kachitini kaja mtima unagwa. Mbewu yake inali yachikasu, yokwinyika, yopepuka. Chinali chimanga chotsekemera chija amadyera batala, chimene ungachiumike bwanji ufa wake sungakhale ufa. Ine ndinkafuna thumba la ufa loti litidutsitse miyezi yozizira, ndisiye kuwerenga nthongo m'nyumba ya eni.

A Chrissy anali ndi chimanga cha makolo chodzadza mbale, chimene mlamu wawo anawabweretsera kuchoka ku Dedza kuti azikazinga. Choyera, cholemera, maso ake akuluakulu. Ndinachipempha.

"Sister, muli sure kuti chimachita kuno?" anafunsa. "Bwanji muchekeko kaye kwa anthu?"

"Achemwali, ine khasu ndinaligwira ndisanayambe sukulu. Nthaka ija ndaiona. Mwezi wa Okutobala mudzasiya kugula ufa."

Ndinanena zimenezo ana awo akumva. Ndinabzala munda wonse, zitatu zitatu paphando, pakati pake maungu ndi nyemba, monga tichitira. Kachitini ndinakabwezera pashelefu.

Epulo anatha a Kanti osaoneka. Chakumapeto kwa Meyi kunabwera mwana wawo wamkazi, Hema, wobadwira konkuno, wogwira ntchito m'famase yogulitsa mankhwala, amene Chichewa amangodziwa moni. Anati azakhali ake amwalira, ndipo bambo ake atsalira kuti amalize miyambo ya maliro ndi kutseka nyumba, popeza wachibale wina kumeneko kulibe. Mwendo wawonso unali utatupa. Abwera mu Juni.

Juni

Chimanga chinamera chonse, osaphonya phando. Dzuwa la ku Mangalande mwezi umenewo limakana kulowa, ndipo mbewu zinkakula ngati zikuthamangitsidwa. M'mizere munameranso bonongwe wodzimerera, wochokera ku mbewu zakale za akazi a a Kanti, ndipo ndinamusiya. Tinayamba kudya nkhwani ndi bonongwe tsiku ndi tsiku, wina ndikufutsa n'kuyanika m'shedi. A Chrissy anayamba kunditchula kuti a Estate.

Kunja kwa mpanda zinthu sizinali bwino. Kunamveka kuti anthu opanda mapepala atengedwa ndi aboma pamalo otsukira magalimoto, ena amati asanu, ena amati awiri. Mayi wina wa kumpingo anathawira ku Normanton kukagwira ntchito padzina la msuweni wake. Bambo wina wa ku Chipata, amene tinkaima naye pamzere wa chakudya, anatopa n'kusainira zobwerera kwawo. A Chrissy nawonso anandiyesa.

"Pali munthu angakubwerekeni dzina, muzipanga ma night awiri pa week."

Ndinakana. Loya wothandiza ovutika anali atandichenjeza kuti ndikagwidwa, pempho langa latsopano lafera pomwepo. Ntchito yokhayo yosafunsa mapepala inali ya m'munda muja, ndipo ndinaikakamira ndi manja awiri.

Julayi

A Maureen, mlembi wa komiti, anandipeza ndikupalira. Anali mayi wachizungu wamtali, wopuma pantchito, wosakonda kuseka koma wosanama. Anali ndi bolodi la mapepala m'manja. Anati mundawu wadzala tchire, ndipo maungu alowerera m'njira.

"Si tchire ili, mayi, ndi ndiwo," ndinatero m'Chingerezi changa. Ndinathyola bonongwe n'kuwaonetsa. Anamununkhiza, n'kufufuta china chake papepala.

"Za udzu tazisiya," anatero. "Koma a Kanti sitinawaone chichokereni Malichi. Anthu akudikira minda kuno zaka ndi zaka. Inu ndinu ndani?"

"Wowathandiza."

"Wothandiza timamulemba m'buku. Mubweretse chiphaso ndi kalata yosonyeza kumene mukukhala."

Chiphaso ndinalibe, ndipo kalata ya ku Braunstone ikanaika a Chrissy m'mavuto ndi eni nyumba, amene sankadziwa kuti pasofa pamagona munthu. A Maureen anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikhulupirira kuti anamvetsa, chifukwa za chiphaso sanazibwerezenso. Koma anati lamulo lina sangalidumphe. Mwini munda ayankhule yekha ndi komiti pasanathe masabata anayi, atsimikize kuti mundawo akuufunabe. Apo ayi loko asintha, munda n'kupita kwa wotsatira pamndandanda, ndi zonse zili m'menemo.

Ndinathamangira kufamase kwa Hema. Nkhope yake inali kale yotopa. Anati bambo ake sanawamve masabata awiri. Mvula inali itayamba, mtsinje wadzadza, basi yaleka, mitengo ya magetsi yagwa, mafoni onse m'mudzimo azima. Njira inali imodzi yokha: kuimbira wa golosale wina pamphambano ya msewu waukulu, tsidya lino la mtsinje, kuti iye auze onyamula mkaka, amene ankaoloka wapansi ndi zigubu pamutu madzi akachepako.

"Kulibe wa njinga yamoto woti akawatenge?"

"Wokwera njinga yamoto womaliza m'mudzimo amagulitsa mphete pa Belgrave Road," anatero Hema.

Uthenga tinautumiza katatu. Yankho silinabwere.

Ogasiti

Sabata yachitatu mwa masabata anayi aja inatha. M'mawa uliwonse ndikafika pageti ndinkalowetsa kiyi pang'onopang'ono, kuopa kuti lero sazungulira.

Panalinso china chimene sindinauze munthu. Chimanga changa chinali chitandipitirira kutalika, mapesi onenepa ngati mkono wa mwana, masamba obiriwira bii, koma ngayaye panalibe ngakhale imodzi. Cha anzanga oyandikana nawo, chachifupi chofika m'chiuno, chinali kale ndi ndevu zofiirira. Ndinkadziuza kuti chathu n'chaulemu, sichithamanga.

Kutatsala masiku awiri, Hema anatulukira kumunda akuthamanga, a Maureen ali pambuyo pake, foni ili m'mwamba. Bambo ake anali pamphambano. Anthu anayi a m'mudzimo, wamng'ono mwa iwo wa imvi kale, anawanyamula pabedi la zingwe n'kuoloka nawo mtsinje madzi ali m'chiuno. Tsidya linalo anawakweza kumbuyo kwa lole ya mkaka, pakati pa zigubu, mvula ikuwakhuthukira maola awiri.

Anayankhula ndi a Maureen m'Chingerezi, mawu akudukaduka. Munda akuufuna, mayiyu ndi wowathandiza, asamuvutitse. A Maureen analemba, n'kunena kuti nkhani yatha. Kenako Hema anandipatsira foni.

"Iwe Nachisale, uli moyo?"

"Ndili moyo, bambo. Pepani ndi maliro. Pepaninso ndi ulendowu."

"Zisiye. Chimanga wabzala chiti?"

"Chanu, bambo."

Bodzalo linatuluka lokha, ndisanaliganize. Ndinali nditaima mumthunzi wa mapesi aja, Hema ali pambali panga akumwetulira, wosadziwa kusiyanitsa chimanga ndi chinzake.

"Wachita bwino," anatero a Kanti, n'kutsokomola nthawi yaitali. "Cha kwathu chimanyenga. Kumeneko dzuwa limachedwa kulowa, ndiye chimangokula, kubereka osakumbuka. Chimadikira masiku afupike ngati kwawo. Chikamati chibereke, chisanu chafika."

Foni inaduka. Hema anandikumbatira, a Maureen anandigwira chanza. Ine maso anali pa mapesi aja opanda ngayaye.

Sepitembala

A Kanti kumudzi sanabwerere tsiku limenelo. Anagonekedwa m'chipatala cha paboma ndi chibayo. Hema ankandiuza zimenezi mosandiimba mlandu, ndipo zinkandipweteka koposa. Nkhalamba inanyowa pa lole chifukwa cha munda umene ine ndinali nditauononga kale mu Meyi ndi kudzikuza kwanga.

Ngayaye zinatuluka pakati pa mwezi. Ndinachita zonse zomwe ndinkadziwa ndi zomwe sindinkadziwa. Ndinkagwedeza mapesi m'mawa kuti mungu ugwere pandevu. Ndinachotsa ana a m'mbali, ndinakwezera mizere, ndinayala makatoni pamizu kuti nthaka isazizire. Ndinapempherera mzere uliwonse. Ndinayamba kumvera za nyengo pawailesi, ine amene kale ndinkati azungu alibe nkhani ina.

Kunyumba a Chrissy anawachepetsera mashifiti. Kogawa chakudya anthu anachuluka, jumbo n'kupepuka. Ufa tinasiyiratu kugula. Tsiku lina mwana wawo wamkazi anandifunsa m'Chingerezi kuti Okutobala wa ufa uja ndi mwezi wamawa eti, ndipo amayi ake sanamuletse. Anangondiyang'ana.

"Chikukhwima," ndinatero.

"Sister, ine sindikukuthamangitsani," anatero a Chrissy ana atatuluka. "Koma winter ikubwerayi sindikudziwa kuti ti-manage bwanji anthu anayi."

Zoona zake sindinawauze. Ndinkati mwina chaka chino chisanu chichedwa.

Okutobala

Chinachedwadi masabata atatu, mpaka ndinayamba kukhulupirira. Zisononkho zinali zitatupa m'makoko, ndipo ndikazifinya ndinkamva ngati muli kanthu.

Ndiye Lachiwiri lina ndinatuluka m'mawa n'kupeza anthu a mu msewu wathu akupala magalasi a magalimoto awo. Udzu unali woyera. Ulendo wa ola ndi theka ndinauyenda ola limodzi. Nditafika, dzuwa linali litayamba kusungunula chisanucho, ndipo masamba onse anali atalendewera, akuda, ngati awathira madzi otentha.

Ndinasenda chimanga choyamba. Timaso tating'ono toyera, ukatsina n'kutuluka madzi. Chachiwiri chimodzimodzi. Ndinasenda mzere wonse, kenako wachiwiri, ndikutaya pansi, ndikudzitukwana ndekha mokweza mpaka mzungu wa mapaipi uja anabwera kudzaona. Anangovula chipewa. M'munda wonsewo simunatuluke chimanga chokwana kukazinga m'chiwaya chimodzi. Ndinakolola maungu, ndowa imodzi ya nyemba, ndi mfutso uja wa m'shedi.

Madzulo ake ndinawauza a Chrissy zonse, za kachitini, za foni, za bodza. Iwo anangoti, "Ndinakufunsanitu." Sanaonjezere, ndipo ndinawathokoza mumtima.

Sabata yomweyo Hema anabwera. Mvula ku India inali itatha, msewu watseguka, ndipo iye ankanyamuka Loweruka kukaona bambo ake. Anati awatuma chinthu chimodzi chokha: zimanga zisanu za m'munda mwawo, zoumitsa, akazione.

"Pitani pa market mukagule," anatero a Chrissy. "Sweetcorn ndi sweetcorn. Munthu akudwala, mukufuna mumupatse BP?"

Ndinapitadi pamsika. Ndinasankha zisanu zokongola, wogulitsa n'kutsekula jumbo. Koma ndinaganiza za nkhalamba zinayi zija m'madzi, bedi lili pamapewa, ndipo manja anakana. Ndinazibwezera.

Kwa Hema ndinapereka chisononkho chimodzi chopanda maso, chokulunga m'nyuzipepala. Ndinamupempha foni yake n'kujambulamo mawu anga. Ndinati, "Bambo, ndine Nachisale. Ndinakunamizani. Ndinabzala cha kwathu, munda wonse, ndipo chapsa ndi chisanu. Gawo lanu palibe, langa palibe. Munavutika pachabe chifukwa cha ine. Mukafuna kiyi wanu ndipereka kwa Hema."

Novembala

Masabata atatu amene Hema anali ku India kumunda ndinkapitabe, kukazula mapesi. Ndinkafuna ndikabweze munda wa eni uli woyera. Kunyumba tinali pa maungu, m'mawa ndi madzulo, mpaka ana ankadandaula akangomva mpeni pathabwa. Miyezi yozizira imeneyo tinaidutsa movutika, ndipo sindidzanama kuti panachitika chozizwitsa.

A Kanti ku Leicester sanabwererenso. Madokotala anawaletsa ndege, iwo n'kusankha kukakhala m'nyumba ya malemu mlongo wawo, ndipo anamwalira komweko chaka chitangotembenuka. Mawu awo omaliza kwa ine ndi amene Hema anabwera nawo.

Anandipeza ndikuunjika mapesi. Anati za munda wakambirana kale ndi a Maureen, ulembedwa m'dzina lake, ndipo ine ndizibwera ngati mlendo wake. Ndinatulutsabe kiyi. Iye anapukusa mutu, n'kundipatsa foni.

"Anamvera mawu anu kawiri," anatero. "Chimanga chija anachigwira tsiku lonse. Kenako anajambula izi. Sindikumva zomwe akunena."

Mawu awo anali ochepa mphamvu, opumira m'katikati.

"Iwe Nachisale. Ine ndinadziwa tsiku lomwe lija. Unayankha msanga kwambiri. Komanso munthu wa ku Ntcheu, wanjala, angabzale chimanga cha batala? Ndinauza Hema abweretse zisanu kuti ndione ngati ugula pamsika."

Anaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa.

"Tamvera. Chaka chamawa ubzale chachikasu, mbatata ndi nyemba, udye. Koma cha kwathu usachisiye. Mzere umodzi, kuseri kwa shedi, kumene a komiti safika. Ine ndinkabzala pamenepo chaka chilichonse, amayi ake a Hema akundinena kuti ndine wamisala. Zaka makumi atatu, osadyapo ngakhale chimodzi. Ndinkangofuna mphepo ikaomba ndizimva masamba ake."

Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira mokweza, Hema atandigwira paphewa, akundifunsa kuti bambo ake anena chiyani.